Wamutsekera m'nyumba, owerenga akuponya timitima

Tiyamike (Chibavi): Madzulo abwino nonse. Pepani ndabwera ndi nkhani yaitali, koma usiku wathawu tulo sindinatione. Pali manhwa, nkhani ya zithunzi ya ku Korea, imene ndakhala ndikuwerenga pa foni, pa apu ya Webtoon, kuyambira mwezi wa Juni, ya mtundu uja akuutcha dark romance, chikondi chosakanikirana ndi nkhanza. Dzina sinditchula poti ena simunafike pamene ndafika ine. Bambo a mtsikana ali ndi ngongole, ndiye mwana wa mwini ndalama wamutenga mtsikanayo kukakhala naye. Magawo ambirimbiri ndakhala ndikungopirira. Dzulo ndafika pamene mwamunayo wamulanda foni, wafufuta manambala a anzake onse, watseka chitseko ndi kiyi, n'kumuuza kuti kunjaku kulibe amene angamusamale ngati iye. Ndinatsikira kumunsi kuti ndione zimene owerenga anzanga akunena. Timitima tofiira tokhatokha. Wina akuti akufuna mwamuna wansanje chonchi. Wina akuti mtsikanayo ndi wamwano, akanangomvera. Ine ndinangoti kakasi. Kodi ndi ine ndekha amene zikundiwawa?

Chisomo: Asisi, ndayidziwa imene mukunenayo, ndipo ine ndili patsogolo panu. Ndinene zoona, ndimayikonda. Tsiku lonse ndimakhala chiimire pa kauntala, kumwetulira makasitomala ngakhale amene akundinyoza. Ndikafika kunyumba ku Luwinga, kunja kukuzizira, ndalowa m'bulangete, ndimafuna nkhani yondigunditsa mtima. Mantha a mu nkhani ndi okoma chifukwa ndikatopa nawo ndimangothimitsa foni. Mwamuna wotere atabwera pa khomo panga sindingamupatse ngakhale mpando. Amene amaonera mafilimu a nkhondo sapita kukagula mfuti.

Madalitso: Koma ndiye mwavomera nokha lero. Ife anyamata aulemu mumatikana, mumati ndife ofatsa kwambiri. Mumafuna olusa omwewo. Manhwa yangoulula zimene zili mu mtima.

Chisomo: Achimwene, werenganinso bwino zimene ndalemba. Ndati pa khomo panga sangakhale.

Madalitso: Pakamwa mukutero, koma bandulo mukugulira iyeyo.

Tiyamike (Chibavi): A Mada, mawu anuwa ndi amene ndimaopa. Mnyamata akawerenga makomenti aja amatenga phunziro lomwe mwatengali, loti atsikana amafuna kulamulidwa. Ndiye amakayesera pa munthu weniweni.

NyaMhango (Zolozolo): Monire mose. Pa gulu pano ndimangowerenga, sindinalembepo, koma lero ndilankhula.

Ndinakhala pa banja zaka zisanu ndi chimodzi. Mwamuna wanga sanayambe ndi chibakera ayi. Anayamba ndi kundikonda mopitirira. Tili pa chibwenzi ankandiimbira kasanu, kasanu ndi kamodzi pa tsiku, anzanga n'kumandisirira. Ndikapita ku msika wa Taifa kukasankha kaunjika, ankafuna ndimutumizire chithunzi kuti aone kuti ndilidi kumeneko. Ine ndinkati ndi chikondi. Titakwatirana anati pasiwedi ya foni tisabisirane poti ndife thupi limodzi, koma yake sindinaidziwepo. Kenako anati mnzanga uyu ndi wa miseche, uyu ndi woyendayenda, uyu amandiphunzitsa mwano. Chaka chachitatu chisanathe ndinalibe woti n'kumuimbira kupatula amayi anga, ndipo nawonso ndinkalankhula nawo iye ali pompo. Geni yanga ya zovala anaithetsa, ati mkazi wake sangamapsere dzuwa pa msika. Pamene anadzandimenya koyamba, ndinalibe ndalama ngakhale ya sakramento, njinga ya kabaza, yondifikitsa ku depoti.

Chimene ndikufuna mumve ndi ichi. Akandimenya ankalira. Ankagwada, kundigwira miyendo, kundiuza za bambo ake mmene ankawazunzira ali mwana. Mawa lake chitenje chatsopano, nkhuku, kunditcha mayina okoma. Masiku amenewo anali okoma zedi, sindinama. Ndi amene anandisunga pa banja paja, osati mantha. Ndinkati munthu weniweni ndi uyu wolirayu, winayo ndi matenda chabe, ndipo ine ndimuchiritsa.

Mng'ono wanga anandionetsa manhwa ya mtundu umenewu chaka chatha. Ndinawerenga magawo angapo. Pamene mwamuna ankalusa sindinamve kanthu. Pamene anagwada n'kuyamba kulira ndi pamene manja anga anayamba kunjenjemera.

Chisomo: Pepani kwambiri asisi. Sindinalembe zija kuti ndipepuze zimene munadutsamo.

NyaMhango (Zolozolo): Ndikudziwa, mng'ono wanga. Sindikukuweruzani.

Madalitso: Pepani amayi. Ndinalankhula mosaganiza.

Wanangwa (Mzuni): NyaMhango, yewo chomene potikhulupirira. Ndiloleni ndilowe ngati munthu wojambula, chifukwa pali china chimene maso amameza mutu usanazindikire.

Nkhanizi sizinapangidwire pepala. Kampani ya Naver ku South Korea inayambitsa Webtoon mu 2004, ndipo ya Chingerezi imene ambirife timawerenga inabwera mu 2014. Zithunzi amaziika mondandalika kutsikira pansi kuti uzikoka ndi chala pa foni. Ndiye wojambula ali ndi mphamvu pa mpweya wako weniweniwo. Akafuna mtima wako uime, amasiya mpata woyera wautali, iwe n'kumakoka chala osaona kanthu, kenako nkhope ya mwamuna ija ndi imeneyo, yadzaza foni yonse.

Tsono taonani mmene amajambulira mwamuna akagwira mkazi pa mkono mwamphamvu. Amamujambula ngati ukumuyang'ana uli pansi, kuti aoneke wamtali. Tsitsi lagwera pa diso limodzi. Mitsempha ya pa dzanja amaionetsa bwinobwino. Kumbuyo kuwala kofewa, nthawi zina maluwa akuyoyoka. Mkaziyo pakamwa akuti ndisiye, koma masaya awapaka kufiira. Mawu akuti nkhanza, mitundu ikuti chikondi, ndipo diso limakhulupirira mitundu.

Ndinayesa chinthu china temu yatha. Ndinatenga chochitika chonga chimene Tiyamike wafotokozachi, mawu osasintha ngakhale limodzi, n'kuchijambula monga mmene mtsikanayo akuonera. Nkhope ya mwamuna sindinaionetse. Chithunzi choyamba dzanja lili pa loko. Chachiwiri kiyi akulowa m'thumba la buluku. Chachitatu zenera lili ndi zitsulo. Chachinayi mapazi ake a mtsikanayo, alibe nsapato. Ndinaonetsa anzanga asanu ku hositelo, atatu mwa iwo okonda dark romance kwambiri. Palibe anati ndi nkhani ya chikondi. Mmodzi anandifunsa ngati mtsikanayo apulumuke.

Chisomo: Koma Wanangwa, zimenezo ndiye luso lake. Wojambula akufuna umve zimene mtsikanayo akumva, kuopa ndi kukopeka nthawi imodzi. NyaMhango anena okha kuti masiku ena anali okoma. Ukajambula zoopsa zokhazokha ndiye kuti wanamanso.

Wanangwa (Mzuni): Apo ndikuvomera. Ndipo zilipo zina zimene zimachita zimenezo moona mtima, zimakukopa dala kenako n'kukuonetsa mtengo wake, mtsikana akuonda, akuiwala kuseka, anzake akumusowa. Zimenezo ndimazilemekeza. Vuto langa ndi zimene maluwa sachoka mpaka pa ukwati. Palinso nkhani ya ndalama. Gawo lililonse limathera pamene mtima uli m'mwamba, ndipo ukafuna kuwerenga zam'tsogolo anzako asanafike umagula makoini. Banja lamtendere silithera pa malo otero. Mwamuna akasintha pa gawo 20 nkhani yatha, ndiye ayenera kumulakwira mkaziyo kambirimbiri kuti sabata yamawa tibwerenso.

Mayi Phiri (Katoto): Ana anga, ine zithunzi zanuzi sindiziwerenga, maso anatha ndi choko. Koma nkhani mukukambayi si ya ku Korea yokha. Agogo anga kwathu ku Kasungu ankatisimbira nthano ya mtsikana wokongola amene ankakana mnyamata aliyense wa m'mudzi. Tsiku lina kunabwera mlendo wooneka bwino, wolankhula mokoma, ndipo mtsikana anamulola tsiku lomwelo. Popita kwawo kwa mwamuna, kamlongo kake ka manthongo m'maso kanawatsatira, iye n'kumakathamangitsa kuti kamuchititsa manyazi. Usiku kamnyamatako sikanagone, ndipo kanaona mlamu wake ndi abale ake atasanduka afisi, akuzungulira nyumba, akudikira kuti mkaziyo anenepe kaye. Kutacha kanamuuza mlongo wake, iye sanakhulupirire. Ndiye kanamumanga chingwe ku chala cha kuphazi, afisi atabweranso kanakoka chingwecho kuti adzuke adzimvere yekha. Pomaliza kanasema chinguli, onse awiri anakweramo n'kuuluka kubwerera kwawo.

Tinkaopa, koma tinkapempha kuti atisimbirenso mawa. Choncho Chisomo sakunama, mantha a m'nthano amakoma, ndipo anthu akhala akuwafuna kuyambira kale. Koma m'nthano ya agogo fisi anakhalabe fisi. Palibe pamene anati mtsikana anapirira mpaka fisi anasanduka munthu. Mmene ndikumvera kwa Tiyamike, zanuzi zikuti pirira, fisi wako ndi wapadera.

Ndipo apa ndidzitsutse ndekha. Ndakhala mlangizi ku mpingo zaka zambiri. Mawu oti banja ndi kupirira ndawanena ndi pakamwa pangapa kwa atsikana osawerengeka. Oti za m'nyumba saulula ndawanenanso. Ndinamvapo akuluakulu anzanga akuti kumenya ndi mankhwala a banja, ine osawatsutsa. NyaMhango, polemba zanu zija ndakumbukira nkhope za ana amene anabwerera kwa ine akulira, ine n'kuwabweza kwa amuna awo. Achinyamata a ku Korea sanatiphunzitse zimenezi. Anapeza munda tinalima kale.

NyaMhango (Zolozolo): Amama, nane ankhoswe anandibweza katatu. Kwathu kuno kukakhala kuti malowolo anaperekedwa, ng'ombe zinadyedwa kale, kubwerera kwanu kumakhala ngati wabweretsa ngongole pa khomo. Amene anakhala kamlongo ka manthongo kwa ine anali mayi wina wogulitsa tomato pafupi ndi pathu, amene sindinkamuwerengera n'komwe. Anangondiuza tsiku lina kuti, mwana wanga, ndimamva usiku.

Bambo a Yamiko (Mchengautuwa): Ine nkhaniyi yandipeza pabwino. Mwana wanga wamkazi ali Fomu 2, zaka 15. Sabata yatha ndinapeza pa foni imene tinamugulira kuti azichitira za sukulu muli zithunzi zimenezi, zina zoti sindingafotokoze pano. Pali ndi ina akuti Wattpad, nkhani zake zomwezo, mabwana achuma ndi atsikana ogulidwa. Ndalama ya bandulo ndimapereka ine poganiza kuti akufufuza za Biology. Ndinakwiya kwambiri. Foni ndalanda, ili mu sutikesi, ndipo ndamuuza kuti aiwale mpaka adzalembe MSCE. Inu akuluakulu werengani zimene mukufuna, koma za ana ndiye ayi. Boma likanangotseka zinthu zimenezi.

Chisomo: Pa mwana wa zaka 15 ndili nanu, bambo. Zambiri mwa izi amalemba poyamba pomwe kuti ndi za akuluakulu, ndipo amachenjeza kuti muli nkhanza. Koma kutseka ndiye simungathe. Wattpad anthu amalemba okha, aliyense, ngakhale ana a sukulu anzake. Inayambira ku Canada mu 2006, ndipo mu 2021 inagulidwa ndi Naver yomweyo. Mukatseka imodzi apeza pa TikTok, kapena mnzake amutumizira pa WhatsApp.

Mayi Phiri (Katoto): Bambo a Yamiko, mkwiyo wanu ndaumva, ndi wa kholo. Koma ndaphunzitsa atsikana a msinkhu umenewo zaka zoposa makumi atatu. Mukalanda foni osakamba naye, chimene waphunzira n'choti nkhani za chikondi sakamba ndi bambo. Tsiku limene mnyamata adzamugwire pa mkono, simudzamva. Apatseni mayi ake kapena azakhali ake gawo limodzi awerenge naye limodzi, kenako amufunse kuti, mnzako wa pa desiki atachitidwa zimenezi ungamuuze chiyani? Ana amayankha mwanzeru akafunsidwa za mnzawo.

Bambo a Yamiko (Mchengautuwa): Mayi ake akuti zomwezo. Koma ine kukhala pansi n'kumayang'ana zithunzi zimenezija ndi mwana wanga, pamenepo pavuta.

Mayi Phiri (Katoto): N'chifukwa chake ndati azakhali. Inu mbali yanu ndi mmene mumalankhulira ndi mayi ake iye akuona.

Tawonga: Ndakhala ndikulemba n'kufufuta. Ndikuopa kuti mundimva molakwa. Inenso ndinachoka m'chibwenzi cha nkhanza, zaka zitatu zapitazo, ndipo dark romance ndimawerengabe, mwina kuposa Chisomo. Poyamba ndinkadziona ngati wodwala mutu. Koma ndikamawerenga, chala chili pa foni ndi changa. Ndikafuna aime, amaima. Ndikafuna kudumpha, ndimadumpha. Kwa munthu uja ndinalibe mphamvu imeneyo ngakhale tsiku limodzi. Komanso m'nkhanimo mwamuna amafika povomera kuti analakwa, amapepesa osawonjezera kuti koma iwenso. Wanga sananenepo. Ndikudziwa kuti ndi bodza la m'nkhani, koma limandipepuza. Chonde musatione tonse owerenga ngati opusa kapena ngati tikuitana nkhanza.

NyaMhango (Zolozolo): Tawonga, mwana wakwithu, sindikukuona choncho. Bala limodzi, wina amalimanga, wina amalisiya lipume mphepo. Ine sindingathe kuwerenga, iwe zikukuthandiza. Chimene chimandiopsa ine ndi amene sanalowemo, amene akuona kugwada kuja koyamba pa foni ndipo adzakuzindikira ngati chikondi akadzakuona pa khomo.

Tiyamike (Chibavi): Tawonga, zikomo. Mwandithandiza kuona pamene pali vuto langa. Si nkhaniyo kwenikweni, ngakhale maluwa a Wanangwa aja andikhala m'mutu. Ndi makomenti. Inu mukudziwa chimene mukuwerenga. Koma uja analemba kuti mtsikana akanangomvera, mawu amenewo ndinawamvapo pa maliro enieni ku Chibavi konkuno, amayi akunong'onezana kuseri kwa nyumba.

Thoko: Ndachedwa, ndinali ku ntchito. Ndiwonjezere za malamulo, poti ambiri amaganiza kuti nkhanza ndi pokhapokha magazi atuluka. Lamulo loletsa nkhanza za m'banja la 2006 limawerengeranso nkhanza za m'maganizo ndi za chuma, osati kumenya kokha. Kuopseza, kunyoza kosalekeza, kumana munthu ndalama zofunika pa moyo, zonsezo zilimo, ndipo khoti likhoza kupereka chiletso choti wankhanzayo asakuyandikire. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti amayi 42 pa 100 aliwonse amene anakhalapo pa banja anachitidwapo nkhanza ndi amuna awo, kaya kumenyedwa, kukakamizidwa kugonana kapena kuzunzidwa m'maganizo. Ndiye pa gulu ngati lino la anthu ambiri, NyaMhango ndi Tawonga si okhawo. Ku polisi kuli ofesi yothandiza ozunzidwa ya Victim Support Unit, simufunika kudikira kuti muvulale. Pa foni pali 5600 ya nkhanza, ndi 116 ya ana.

Madalitso: Funso lenileni, sindikutsutsa. Nsanje pang'ono si chizindikiro choti munthu amakukonda? Chibwenzi changa chikapanda kundifunsa komwe ndinali ndimaona ngati sichikundilabadira.

Thoko: Kufunsa kuti unali kuti ndi china. Funso ndi loti, ukayankha kuti sindikufuna kunena, chimachitika n'chiyani? Ngati ukuyamba kusintha njira, kufufuta mameseji osalakwa, kusiya anzako kuti pakhale mtendere, ndiye kuti ukukhala mwamantha.

Wanangwa (Mzuni): Zithunzi zinayi zija ndikhoza kuziponya pano ngati Admin alola. Ndikufunanso kuyesa nthano ya Mayi Phiri, koma mlendoyo ndimujambule wokongola ngati a mu manhwa, maluwa ndi zonse, kuti wowerenga naye amukonde kaye. Kamlongo kokha ndi kamene kaziona mchira. Amama, mungandisimbire yonse bwinobwino? Pali nyimbo yake?

Mayi Phiri (Katoto): Ilipo, ya pouluka chinguli. Kulemba sindingathe, imafuna kuimba. Ubwere Loweruka masana mvula ikapanda kugwa, ndikakhala ndabwera ku mapemphero a amayi.

Chisomo: Ine ndipitiriza kuwerenga yanga ija, ndisakunamizeni. Koma ndabwerera pa gawo la kiyi lija. Ulendo woyamba sindinaone n'komwe kuti mtsikanayo alibe nsapato, nayenso wojambula wake anamujambula choncho. Ndinkayang'ana nkhope ya mwamuna.

Tiyamike (Chibavi): Mwadzuka bwanji nonse. Gawo latsopano latuluka usiku, ndawerenga. Mwamuna uja wadwala malungo aakulu, akubwebweta dzina la mayi ake, ndipo mtsikana akumupukuta pa chipumi. Chitseko chili chotsegula, iye wachiyang'ana, n'kubwerera pa bedi. Makomenti akuti tsopano wazindikira kuti amamukonda. Ndalemba yanga, Chingerezi chake chomwecho, kuti alibe foni, alibe ndalama, bambo ake ali ndi ngongole, apita kuti? Anthu awiri ayikonda. Wina wandiyankha kuti ndisiye kuwerenga ngati sindikuzimva.

Mphatso: Pepani, ndine watsopano pa gulu, anandilowetsa mnzanga mwezi watha. Ndawerenga zonse kuyambira pamwamba kawiri. Ndimafuna kufunsa a Thoko. Ngati munthu sanakumenyepo ngakhale kamodzi, ndipo amakulipirira fizi, koma foni yako amaitenga madzulo aliwonse, ndipo anakuuza kuti ukadzamusiya adzadzipha, pamenepo ndi pati? Meseji iyi ndiifufuta isanakwane 5 koloko.

Thoko: Mphatso, ndaiona. Ndi nkhanza, ndipo mawu oti adzadzipha si katundu woti usenze wekha. Usandiyankhe pa foni imeneyo ngati amaiona. Loweza 5600 pamtima, osaisunga.

NyaMhango (Zolozolo): Mwana wanga, ine ndili ku msika waukulu lero mpaka 4 koloko, mzere wa zitenje, ndavala duku lobiriwira. Sufunika kunena kanthu, ungobwera ngati ukufuna kuona nsalu. Admin, Mphatso akafufuta yake mufufutenso yanga ndi ya Thoko.